Mmene mungakhalire wopereka magazi wa nthawi zonse kuno ku Chipata

Funsoli limabwera m'njira zambiri. Wina amati, "Kodi sizipweteka?" Wina, "Amakupatsani zingati?" Amayi ena kutchalitchi anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu ngati magazi anga sadzatha. Koma onsewa chimene akufuna kudziwa n'chimodzi: munthu wabwinobwino, wosadwala, wosaitanidwa, amayamba bwanji kupita yekha kuchipatala kukatambasula mkono, n'kumabwereranso chaka ndi chaka? Ndayankha m'minibasi, pamaliro, pa WhatsApp, mpaka kukhosi kuuma. Ndiye ndalemba pano, wofunsa ndizingomutumizira.

Ine si dokotala, si nesi, ndine wopereka magazi chabe. Zimene anesi a ku blood bank, kumene amatenga ndi kusunga magazi, angakuuzeni tsikulo zikasiyana ndi zanga, tsatani zawo.

1. Pezani chifukwa chimene chidzakhalepo ngakhale tsiku lopanda wodwala wanu

Ambiri a ife tinapereka koyamba tili ku sekondale. Galimoto ya achipatala inafika, mabedi anayalidwa mu holo, anzathu onse anali pamzere, panali chakumwa chozizira ndi mabisiketi, komanso tinazemberapo phunziro la masamu. Palibe choipa pamenepo, ndipo magazi ambiri amene amapulumutsa anthu m'dziko muno amachokeradi kwa ana a sukulu. Koma tafunsani anthu omwewo lero, ali pantchito, ali ndi mabanja, kuti anapereka liti komaliza. Ambiri adzati ali giredi 11. Chimene chinawaimika pamzere chinali chigulu, ndipo chigulucho chitabalalika nkhani inathera pomwepo.

Ena amabwera chifukwa m'bale wawo wagonekedwa. Ndi mmene ine ndinabwererera. Mlamu wanga atabereka, magazi sanaleke kutuluka, ndipo anesi anati pafunika mabotolo awiri. Timatchulabe botolo ngakhale masiku ano magazi amakhala m'thumba la pulasitiki. Tinathamangirako usiku, ine, mwamuna wake ndi amalume, aliyense atapinda kale malaya pamkono, tikuti tengani athuwa. Anatiyankha mofatsa kuti magazi ochotsedwa nthawi imeneyo sangalowe mwa wodwala pompo. Ayenera kuyezedwa kaye matenda, lidziwike gulu lake, aonedwe ngati akugwirizana ndi a wodwalayo. Amene mlamu wanga anaikidwa anali kale mu firiji. Mwini wake sitidzamudziwa. Anapereka tsiku wamba, ife tisanaganize n'komwe za chipatala, kaya pochokera kuntchito, kaya popita kumsika.

Chifukwa changa ndi chimenecho mpaka lero: wodwala wa usiku uno akudalira munthu amene anabwera sabata yatha.

Ndipotu magazi sasungika ngati chimanga m'nkhokwe, choti mukakolola bwino mudya mpaka chaka chamawa. Maselo ofiira amakhala mu firiji, pa madigiri 2 mpaka 6, kwa masiku 35, akachulukitsa 42, kenako amatayidwa. Tizigawo tothandiza magazi kuundana, ma platelets, timatha ntchito pa masiku 5 okha. Fakitale yopanga magazi kulibe, kaya ku Lusaka kaya ku Ulaya. Pomwe ofuna magaziwo sapuma: amayi otaya magazi pobereka, ana amene malungo awathera magazi m'dzinja mpaka zikhatho kuyera mbee, odwala sickle cell amene ena mwa iwo amaikidwa magazi mobwerezabwereza, ovulala pa Great East Road, a ku opaleshoni. Si Chipata yokhanso. Ku St Francis ku Katete, ku Mwami, ku Petauke, ku Nyimba, ku Lundazi, konseko kuli odwala odikira thumba lomwelo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu 10 okha pa 1,000 alionse atamapereka, dziko likhoza kupeza magazi okwanira pa zosowa zake zikuluzikulu. Mpingo umodzi wa ku Kapata ukhoza kutulutsa oposa amenewo.

Pali zifukwa ziwiri zimene zidzakugwiritsani mwala. Choyamba ndi malipiro. Simudzalandira ngakhale ngwee imodzi. Chakumwa ndi bisiketi n'zobwezeretsa mphamvu, si mtengo wa magazi, ndipo anachitira dala kuti pasakhale ndalama, chifukwa munthu amene wadzera ndalama amabisa matenda. Chachiwiri ndi chija choti kupatsa n'kuika, ndiye tsiku lodzadwala adzandibwezera anga. Mwambiwo sindikuutsutsa, koma kadi la wopereka silikusungirani thumba lolembedwa dzina lanu. Mudzapeza amene alipo tsikulo, ngati alipo. Amene mwapereka lero adzakhala atalowa kalekale mwa munthu wina.

2. Dziyeseni nokha musanawononge ya transipoti

Mukhale ndi zaka kuyambira 16 mpaka 65, kulemera kwanu kufike makilogalamu 50, ndipo tsikulo mukhale kuti mwadzuka bwino. Ngati simudziwa kulemera kwanu, kwerani sikelo pa kiliniki. Kunenepa sikutanthauza magazi ambiri. Ndaonapo abambo a mimba zawo akubwezedwa, kamtsikana kowonda ka ku koleji n'kudutsa.

Dikirani kaye ngati muli ndi chimfine, chifuwa, kutsegula m'mimba kapena thupi likutentha. Chimodzimodzi ngati mwangodwala malungo, mukumwa Coartem kapena ma antibiotic, kapena mwazulitsa dzino posachedwa. Amayi oyembekezera, amene angobereka kumene, amene apita padera ndi oyamwitsa nawonso adikire. Opaleshoni, mdulidwe, kutemedwa mphini, tatuu ndi kuboola makutu, zonsezi zimafuna kuti papite miyezi. Kutalika kwa nthawi kumasiyana, adzakuuzani okha. Kusamba kwa amayi pakokha sikuletsa, koma ngati mumataya magazi ambiri ndi bwino kubwera patapita masiku angapo mutamaliza.

Amene ali ndi HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B ndi hepatitis C sapereka, ngakhale akumwa mankhwala mokhulupirika ndipo thupi lili see. A BP, shuga, mphumu, khunyu kapena mtima, musadziweruze nokha kunyumba, komanso musabise. Nyamulani mankhwala anu mukawaonetse.

3. Dziwani kopita

Ntchito yotolera, kuyeza ndi kugawa magazi m'dziko muno ili m'manja mwa bungwe la boma la Zambia National Blood Transfusion Service, mwachidule ZNBTS. Nthambi yake ya chigawo cha Kummawa ili kuno ku Chipata, kuchipatala chachikulu cha Chipata Central chimene akuluakulu amachitchulabe General. Pageti ingofunsani kuti ku blood bank n'kuti. Simufunika kalata yochokera ku kiliniki, ndipo musaime pamzere wa odwala. Funsiranitu masiku ndi maola amene amalandira opereka. A bungweli amayendanso m'masukulu, m'makoleji, m'matchalitchi ndi m'misika, ndipo kupereka kumeneko n'chimodzimodzi. Amene muli m'maboma ena, funsani ku labotale ya chipatala cha boma lanu kuti gululo limabwera liti.

Munthu wina aliyense amene angakuitanireni kuseri kuti akuchotseni magazi n'kukupatsani ndalama, m'thaweni.

4. Dzulo lake ndi m'mawa wake

Gonani mokwanira. Mowa ayi, kuyambira dzulo lake. Matsire ndi singano sizigwirizana. M'mawa idyani ndithu, kaya phala, kaya mbatata, kaya nsima yotsala dzulo. Cholakwa chofala kwambiri ndi kubwera osadya poganiza kuti kuchipatala amayeza munthu wanjala. Kuno n'zosiyana, ndipo ambiri okomoka ndi amenewa. Ngati mukusala kudya, kaya ndi kumpingo kaya ndi Ramadan, sankhani tsiku lina. Imwani madzi makapu awiri mutatsala pang'ono kulowa, makamaka mu Okutobala dzuwa likamawamba. Valani malaya a manja aafupi kapena opindika mosavuta.

5. Kachipinda ka mafunso

Apa ndi pamene malangizo ambiri amalumpha n'kuthamangira kunena za singano. Singano si kanthu. Chovuta ndi fomu, ndi mafunso amene nesi kapena mlangizi adzakufunsani muli awiriwiri. Mwagonana ndi munthu watsopano miyezi yapitayi? Muli ndi abwenzi ogonana nawo angati? Kondomu inalipo? Munalipirapo kapena kulipidwa pogonana? Munadwalapo chindoko, chinzonono, zilonda za kumaliseche? Maso anu anayamba achitapo chikasu? Mukumwa PrEP kapena PEP, mankhwala aja oteteza ku HIV?

Wofunsayo nthawi zina ndi msinkhu wa mwana wanu. Nthawi zina mumapemphera naye mpingo umodzi, paja Chipata ndi yaing'ono. Panja pali anzanu a kwaya amene mwabwera nawo, ndipo mukatuluka opanda pulasitala pamkono maso onse adzakhala pa inu. Ndiye pakamwa pamangotuluka "ayi, ayi, ayi," mumtima mukuti, si akayeza, akakapeza kanthu akataya okha.

Maganizo amenewo akhoza kupweteka mwana wa eni. N'zoona kuti thumba lililonse limayezedwa HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko. Koma kachilombo kakangolowa m'thupi pamakhala nyengo, achipatala amaitcha window period, pamene kali m'magazi, kakhoza kupatsirana, koma zoyezera sizinayambe kukaona. Kwa HIV nyengoyi ikhoza kukhala masabata angapo, ndipo ndi zoyezera zina mpaka miyezi 3. Munthu amene anagona kunja popanda kondomu masabata awiri apitawo akhoza kuyezedwa n'kuoneka kuti alibe kanthu. Thumba lake limalembedwa kuti lili bwino, limakwera galimoto, limakaikidwa mwa mwana wa zaka ziwiri amene wabwera ndi malungo. Mayi ake akuthokoza Mulungu kuti magazi apezeka. PrEP ndi PEP nazonso zikhoza kuchititsa kuti kachilombo kachedwe kuoneka poyeza, n'chifukwa chake amafunsa. M'nyengo imeneyi makina sangamuteteze mwanayo. Chomuteteza ndi yankho lanu basi.

Tsono chitani chonchi. Ngati mungathe, nenani zoona. Amamva zoterezi tsiku ndi tsiku, ntchito yawo imawalamula kusunga chinsinsi, ndipo kawirikawiri chimene chimachitika n'chakuti amakuuzani kuti mubwere pakapita miyezi yakutiyakuti. Ngati pakamwa pakana kutseguka chifukwa wofunsayo mumadziwana, pemphani wina. Zikakanikabe, nenani kuti, "Lero ndisapereke, ndidzabwera tsiku lina," n'kunyamuka. Palibe amene adzakugwireni. Anzanu panja akafunsa, "andiuza kuti ndibwere tsiku lina" ndi yankho lokwanira, chifukwa anthu amabwezedwa pa zifukwa zambirimbiri, ena BP, ena kuchepa magazi, ena chimfine.

Mukakumbukira kanthu mutapereka kale, kapena mukadwala malungo kapena kutentha thupi patangopita masiku ochepa, bwererani kapena imbani foni muwauze kuti thumba lija asaligwiritse ntchito. Lili ndi nambala, amalipeza.

Ndipo musapite ku blood bank n'cholinga choti mukadziwe ngati muli ndi HIV. Ambiri amachita zimenezi poopa kuonedwa akulowa kolangiza. Koma munthu amene akudzikayikira ndi yemweyo amene akhoza kukhala mu window period. Pitani ku kiliniki ya boma, kuyeza n'kwaulere ndipo zotsatira mumazimva tsiku lomwelo.

Kwa inu abusa, aphunzitsi ndi mabwana amene mumakonza zoti gulu lanu likapereke: musamaime pakhomo kuwerenga amene apereka ndi amene sanapereke, ndipo musafunse munthu chifukwa chimene wabwezedwera. Mukatero mukuphunzitsa anthu anu kunama m'kachipinda muja.

6. Chala, bedi ndi singano

Adzakukwezani pa sikelo, adzayeza BP ndi kugunda kwa mtima, kenako adzakubayani pachala. Kunena zoona, ka pachalaka kamandinyansa kuposa singano yaikulu. Dontholo amaliika mu kamakina, kapena amalidonthezera m'kabotolo ka madzi abuluu: likamira ndiye kuti zili bwino, likayandama ndiye kuti lero ayi. Chimene akuyeza ndi HB, kutanthauza haemoglobin, chinthu chofiira chija chimene chimanyamula mpweya m'magazi. Pamafunika 12.5 kapena kuposa. Mukamva anthu akuti "magazi achepa," nthawi zambiri akunena HB yotsika, osati kuti malita aperewera.

Mukagona pabedi, yang'anitsitsani thumba. Limabwera lomata m'paketi yake, singano ili kale kumapeto kwa kapaipi, yovundikira. Amaivundukula inu mukuona, imagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa. Popereka magazi simungatengepo matenda. Amakumangani pamwamba pa chigongono kuti mtsempha utukuke, amapukuta ndi mankhwala ozizira, amakupatsani kampira kofinya. Singanoyo ndi yonenepa kuposa ya jakisoni, sindikunamizani, ndipo anaipanga choncho kuti maselo asaphwanyike podutsa. Imaluma polowa pokha. Kenako mumangomva kapaipi kofunda katagona pamkono. Ngati ndinu amantha yang'anani kudenga, muzicheza ndi anesi. Thumba limakhala m'munsi mwa bedi pa sikelo yake, likugwedezedwa kuti magazi asakanikirane ndi mankhwala oletsa kuundana amene ali kale m'katimo. Pakatha mphindi 5 mpaka 10 lafika mamililita 450, osakwana n'komwe theka la lita, pomwe munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5. Amatengako ena pang'ono m'timachubu tokayezera, amazula singano, basi.

Mukamva thukuta lozizira, nseru, makutu kulira kapena m'maso kuda, nenani nthawi yomweyo. Amuna ndi amene amavuta apa, amalimba mtima mpaka kugwa. Kupingasa miyendo n'kumalimbitsa ntchafu ndi matako, kumasula, kulimbitsanso, kumathandiza kuti chizungulire chisabwere. Ululu wothamanga mpaka ku zala nawonso si woti muupirire, auzeni.

7. Mukatsika pabedi

Kanikizani thonje pabala, mkono uli chowongoka ndipo mwaukweza m'mwamba. Musaupinde, kupinda n'kumene kumabweretsa chibala chakuda pansi pa khungu. Chikabwerabe musade nkhawa, chimazimirira chokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Khalani pansi mphindi 10 mpaka 15, imwani chimene akupatsani ngakhale mulibe ludzu. Tsiku lonselo madzi, thobwa, maheu, zonse zilowe. Mowa dikirani mawa, fodya dikirani maola angapo.

Ntchito yolemetsa ayi. Anyamata onyamula anthu panjinga, onyamula matumba ku Saturday Market, oumba njerwa, okwera pamadenga, oyendetsa mabasi a ku Lusaka: perekani tsiku lopuma kapena mukaweruka. Khasu nalonso lidikire mawa. Chizungulire chikakupezani panjira, musalimbane nacho muli chiimire. Gonani pansi pomwepo, miyendo muikweze pa chinthu, manyazi mudzachita mukadzuka.

8. Katengeni zotsatira ndi kadi

Perekani nambala ya foni yoona, ndipo funsani kuti zotsatira mudzazimva liti ndiponso kuti. Ambiri sabwerera, amati akapanda kundiitana ndiye kuti zili bwino. Musadalire zimenezo, foni imatayika, nambala imasintha.

Kumeneko mudzadziwa gulu la magazi anu: A, B, AB kapena O, komanso ngati ndi positive kapena negative. Chenjerani apa, chifukwa anthu ena alirapo pachabe. "O positive" si HIV positive. Ndi chizindikiro china cha pa maselo ofiira chotchedwa Rhesus, ndipo anthu ambiri kuno ndi a positive. Magulu a A, B ndi O anawatulukira Karl Landsteiner wa ku Austria mu 1901. Gulu lofala kwambiri ndi O positive, ndipo musaganize kuti poti ndi lofala ndiye kuti silifunika; odwala ambirinso ndi a gulu lomwelo. Mukapezeka kuti ndinu O negative, dziwani kuti ndinu ochepa kwambiri, ndipo maselo anu ofiira akhoza kuikidwa pafupifupi mwa aliyense pangozi pomwe palibe nthawi yoyeza gulu. Foni yanu isamazime.

Nanga akapeza kanthu? Adzakhala nanu pansi panokha, adzakufotokozerani, ndipo adzakutumizani kokayezanso kuti zitsimikizike. Chindoko chimachira ndi mankhwala. Hepatitis B ndi yofala kuno kwathu kuposa mmene anthu amaganizira, ambiri anaitenga ali makanda, ndipo imatha kukhala zaka zambiri osaonetsa chizindikiro kwinaku ikuwononga chiwindi, choncho kuidziwa msanga n'kopindulitsa, kwa inu ndi a m'nyumba mwanu. HIV ili ndi ma ARV aulere. Simudzaperekanso magazi ngati ili HIV kapena hepatitis, koma mudzakhala mwatuluka ndi chinthu chimene simukanachidziwa.

9. Ulendo wachiwiri

Wopereka wa nthawi zonse amayambira apa. Ulendo woyamba munali ndi anzanu, kapena mtima unali pa m'bale wodwala. Wachiwiri mulibe chilichonse cha zimenezo. Ndi Lachiwiri wamba, kuntchito kwachuluka zochita, ya transipoti yavuta, palibe amene wakuitanani ndipo palibe amene adzadziwe mukapanda kupita. Musadalire kuti mtima udzakukumbutsani. Ikani tsiku.

Amuna akhoza kupereka pakatha miyezi 3 iliyonse, akazi miyezi 4. Madzi a m'magazi amabwerera pa tsiku limodzi kapena awiri, maselo ofiira pa masabata 4 mpaka 6, koma ayironi, amene thupi limapangira HB, amachedwa. Thumba limodzi limapita ndi mamiligalamu oposa 200 a ayironi, ndipo kuti abwerere kudzera m'zakudya pamatenga miyezi. Choncho musazembe n'kukapereka kwina nthawi isanakwane poti mukudzimva mphamvu. Mukudzibera nokha.

Langizo langa, kwa amuna ndi akazi omwe, ndi ili: Epulo, Ogasiti, Disembala. Miyezi imeneyi yatalikirana miyezi inayiinayi, ndiye palibe chowerengera. Koma chachikulu n'chakuti ndi pamene sukulu zimatseka. Ana a sukulu akapita kutchuthi mafiriji amayamba kupepuka, ndipo Disembala amabwera ndi zake: mvula yagwa, malungo ayamba, misewu yadzaza ndi a Khirisimasi. Pa 14 Juni, tsiku lokumbukira opereka magazi padziko lonse, lomwe ndi tsiku lobadwa la Landsteiner uja, anthu amabwera ambiri, pamakhala zolankhula ndi zithunzi. Ndi zabwino. Koma magazi a pa 14 Juni pofika kumapeto kwa Julayi amakhala atatha ntchito, ndipo wobereka wa mu Ogasiti sangawapeze.

Musanachoke, funsani anesi tsiku lobwereranso, lilembedwe pa kadi, muliikenso mu foni ndi pa kalendala ya pakhoma. Kenako limangirireni ku chinthu chimene mumachita kale m'tauni, monga tsiku lokatenga malipiro kapena lokagula katundu ku Down Shops, kuti transipoti ikhale imodzi. Mukapeza mnzanu mmodzi woti muzikumbutsana, zimapepuka. Mmodzi, osati komiti.

Kunyumba nako kumafuna kukonza. Akazi anu kapena amuna anu auzeni musanapite, asadzaonere pulasitala. Pali mantha atatu amene mudzakumane nawo. Oyamba ndi akuti bambo adzachepa mphamvu kuchipinda kapena mayi adzaleka kubereka. Palibe kugwirizana kulikonse; opereka ambiri ali ndi ana odzaza nyumba. Achiwiri ndi akuti ukayamba sungaleke, ukaleka magazi amachuluka n'kukupatsa BP. Thupi limangobwezeretsa amene achoka n'kulekera pomwepo, ndipo mukhoza kusiya tsiku lililonse. Achitatu ndi aja a zausatana ndi kugulitsa magazi, omwe anakolezeredwanso ndi mphekesera za anamapopa zimene zinavuta ku Malawi mu 2017. Amenewa musakangane nawo, makamaka ngati ndi apongozi. Atengeni tsiku lina akakhale pambali aone okha thumba likutsegulidwa, nambala ikumatidwa, anesi akulemba. Ndipo amene chikhulupiriro chawo sichilola za magazi, monga a Mboni za Yehova, asiyeni mwaulemu. Si onse ayenera kupereka.

Pakati pa maulendowa, dyani zobwezeretsa ayironi. Chiwindi ndi nyama zili patsogolo, kenako kapenta, nsomba, mbewa, nkhuku. Nyemba, soya, nsawawa, bonongwe, chibwabwa ndi masamba ena obiriwira zimathandizanso, makamaka mukadyera limodzi ndi tomato, malalanje, magwafa kapena malambe, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'zomera. Tiyi amachita zosiyana, ndiye musamwere nsima kapena kumwa mutangomaliza kudya. Papite ola limodzi. Zakumwa zofiira za m'botolo sizionjezera magazi, kufiirako ndi utoto chabe. Madzi a masamba a kotapela amene azakhali adzakuphikireni landirani mwaulemu, koma ndiwo zija musasiye.

Tsiku lina adzakubwezani. Dontho lidzayandama, kapena BP idzakwera, ndipo mudzatuluka ndi kamanyazi ngati mwalephera mayeso. Anthu ambiri amalekera pomwepa, makamaka amayi. Kubwezedwa chifukwa cha HB n'kwa kanthawi, ndipo akutetezani inuyo. Funsani nambala yeniyeni ya HB yanu, funsani tsiku lobwereranso, ndipo akakupatsani mapilitsi a ayironi amalizeni ngakhale chimbudzi chide. Zikachitika kawiri motsatizana pitani ku kiliniki akafufuze chimene chikudya magazi: njoka za m'mimba, likodzo, malungo obwerezabwereza, kapena kusamba kochuluka. Ndipo ngakhale HB ikudutsa, mukaona kuti mukutopa msanga, mukupuma wefuwefu pa chitunda chimene mumakwera bwinobwino kale, kapena mukulakalaka kudya dothi, lumphani ulendo umodzi ndipo muwauze anesi.

Mukaphonya Epulo musadikire Ogasiti chifukwa cha manyazi. Pitani mu Meyi, n'kuyamba kuwerenga miyezi yanu kuchokera pamenepo. Mukasamuka, kaya ndi ku Lundazi kaya ku Lusaka, kadi lipite nanu, chifukwa bungwe ndi limodzi dziko lonse. Amene muli kumudzi, kutali ndi boma, lankhulani ndi a pa kiliniki yanu, amfumu kapena akulu a mpingo, musonkhanitse maina a anthu ofuna, ndipo a kiliniki alumikizane ndi a blood bank kuti adzabwere. Powaitana, pemphani tsiku la m'nyengo ya tchuthi cha sukulu, ndipo gwirizananitu za tsiku lachiwiri iwo asanapakire mabedi m'galimoto.